Mtsutso: Kodi Mfuti Yoseweretsa ya Magetsi Isandutsidwe ya Mpweya?

Mwezi wa Disembala ukafika, pamene mango apsa m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Kande kufikira ku Chintheche, ndipo mabasi ochokera ku Joni ayamba kutula ana athu pamodzi ndi zikwama zawo zazikulu, pamabwera zinthu zachilendo zimene makolo athu, ngakhale kuti iwonso anali anthu aulendo amene anakalowa m'migodi pa nthawi ya Wenela, sanazilotepo n'kamodzi komwe. Mwa zinthu zoterezo, chaka china mwana wa mlongo wanga anabwera ndi mfuti yakuda bii, yofanana ndi ya asilikali m'maonekedwe ake onse, koma yolavula timipira toyera ta pulasitiki m'malo mwa zipolopolo. Anatiuza kuti dzina lake ndi airsoft, ndi kuti ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli mabwalo kumene anyamata ndi abambo omwe, atavala zotchinga m'maso, amagawikana magulu awiri nachita nkhondo yamasewera tsiku lonse.

Mfutiyo sinakhalitse. Patapita miyezi, mchenga wa kunyanja unalowa m'kati mwake, giya imodzi inaguluka mano, ndipo batire lake linatupa ngati mkate. Pamenepo mnyamatayo anadza kwa ine, nakhala pansi mwaulemu, nati: "Asibweni, ndaganiza zochotsa zam'kati zonsezi, ndiikemo za mpweya monga amachitira anzanga ku Joni. Kodi inu mukuti bwanji?" Popeza mutu umodzi susenza denga, ndinaitana anzanga ena, ndipo mawu anagawanika pawiri. Mutu wa mtsutsowo ndi uwu: kuti n'koyenera, kwa munthu wokhala kuno kunyanja, kusandutsa mfuti yoseweretsa ya magetsi kuti iziyendera mpweya wopanikizidwa m'botolo.

Tisanamve mbali ziwirizo, tiyenera kudziwa chimene chisinthidwa. Aliyense amene anakulira kumudzi akumbukira kamfuti ka nsungwi: mwana amatseka mbali imodzi ndi kachipatso kapena pepala lotafuna, natseka inayo chimodzimodzi, ndipo akakankha ndi kamtengo, mpweya wa pakatipo umapanikizika kufikira chotsekera cha kutsogolo chithuvuka n'kulira kuti phu! Mfuti ya magetsi ndi kamfuti komweko kovekedwa zitsulo. Batire limazunguza mota, mota imazunguza magiya atatu, magiyawo amakokera pisitoni m'mbuyo mopanikiza sipuling'i, ndipo ikamasulidwa imakankha mpweya umene umatulutsa kampira ka mamilimita 6. Masewerawa anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kumene malamulo a mfuti zenizeni ali okhwima kwambiri, ndipo mu 1991 kampani ya Tokyo Marui inatulutsa mfuti ya magetsi imene zinzake zambiri zinatengera mapangidwe. Tsono woisandutsa amachotsa mota, magiya ndi sipuling'i, naika m'malo mwake kainjini ka mavavu, konga kamene amapanga makampani a ku America a PolarStar ndi Wolverine. Mpweya umachokera m'botolo limene munthu amabereka kumsana, umadzera pa chipangizo chochepetsa mphamvu, chimene amisiri amati regulator, nuyenda m'kapayipi kukalowa mumfuti. Zonse ziwiri, tsono, ndi mfuti za mpweya: ina imadzipanikizira wokwanira kampira kamodzi nthawi iliyonse, ina imatunga m'nkhokwe yodzazidwa kale.

MBALI YOVOMEREZA

1. Choyamba, ovomereza ati tiyang'ane dziko limene tikhalamo. Kuno mchenga uli ponseponse, ndipo mwera ukaomba umaulowetsa ngakhale m'mbale ya kondowole. Chinthu chokhala ndi magiya othinana, opakidwa girisi, othamanga kangapo pa kamphindi kamodzi, sichingakhale pamtendere m'dziko lotere, pakuti girisi akasakanizika ndi mchenga amasanduka tupa wodya chitsulo chake chomwe. Kainjini ka mpweya kali ndi ziwalo zoyenda zowerengeka, kalibe mano oguluka ngakhale sipuling'i yaikulu yofooka ndi ukalamba, ndipo kukasamala kwake ndiko kukapukuta ndi kudzoza timphete take ta labala. Wogula kamodzi chinthu cholimba, iwo atero, amaposa wogula kasanu chinthu chosweka.

2. Chachiwiri ndi magetsi. Sitinaiwale chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale, dziko lonse nilikhala mu mdima maola ambiri tsiku ndi tsiku kufikira chaka chotsatira. Ndipo midzi yambiri ya boma lino la Nkhata Bay mawaya a ESCOM sanaifikebe. Batire la mtundu umene mfutizi zimagwiritsa limanyansidwa ndi kutentha, limafa likatha mopitirira, ndipo likachajidwa molakwika limatupa, nthawi zina n'kuyaka moto m'nyumba yaudzu. Mpweya wa m'botolo suguga ndi kudikira. Ndiponso, pakati pa madera a dziko lino, lathuli lili ndi mwayi wake, popeza pa Kande ndi pa Nkhata Bay alendo akhala akuphunzira kumira pansi pa nyanja atabereka mabotolo a mpweya, ndipo kumene kuli omira kulinso makina odzazira mabotolowo.

3. Chachitatu ndi kukhulupirika kwa mfutiyo. Regulator imapereka mpweya wofanana nthawi zonse, kotero kuti kampira kachiwiri kamatsata njira ya koyamba, ndipo mfuti imayankha pomwepo chala chikangokhudza, popanda kulira kwa magiya. Koposa apo, ovomereza ati mphamvu yokhoza kusinthidwa ndiyo yotetezeka: pamene osewera ali pafupi, kapena pamene pali achichepere, mwini amatsitsa mpweya, mfuti niiluma pang'ono, pamene ya sipuling'i imamenya ndi ukali umodzimodzi, kaya munthu ali patali kaya ali pamphuno, ndipo kuti uifewetse uyenera kuitsegula ndi kusintha sipuling'iyo.

4. Chachinayi ndi luso. Dziko la Atonga linalandira sukulu msanga, kuyambira pamene Dotolo Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, ndipo ana ake anatchuka kutali ndi nzeru za m'mabuku ndi za m'manja zomwe. Mnyamata amene aphunzira kumanga mfundo yosataya mpweya, kuwerenga geji, ndi kuzindikira chifukwa chake vavu yakana kutseka, waphunzira chiyambi cha ntchito imene imagwiritsa mabuleki a malole akuluakulu ndi makina a m'mafakitale. Amene ayamba ndi choseweretsa akhoza kutsiriza ndi ntchito yodyetsa mbumba. Ndipo n'kwabwino kuti madzulo ake athere pa sipanala kusiyana ndi kuthera pa botolo la kachasu.

5. Chachisanu, nkhondo yamasewera si mlendo kwathu. Malipenga amene timanyadira, ndi mizere yake yoongoka, zovala zake zochapidwa bwino ndi maudindo ake onga a asilikali, anatengera perete wa amuna amene anabwerako ku nkhondo yaikulu yoyamba. Makolo athu anatenga chinthu choopsa nachisandutsa gule wosangalatsa mudzi. Ngati iwo anatero, alekerenji adzukulu awo? Ndipo popeza magombe a Kande ndi Chintheche amalandira alendo chaka chonse, bwalo lokonzedwa bwino la masewerawa likhoza kupatsa achinyamata ntchito, ndipo mfuti zolimba zosafuna kukonzakonza ndizo zingayenere bwalo lotere.

MBALI YOTSUTSA

1. Otsutsa ayamba ndi botolo lenilenilo, nati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala la galimoto limapopedwa mpweya wa pafupifupi 30 psi. Botolo la aluminiyamu la mfutizi limadzazidwa kufikira 3,000 psi, ndiko kuti kuchulukitsa ka 100, ndipo ena opepuka amafika 4,500. Mphamvu yotere ikamasuka mwangozi, chifukwa cha dzimbiri, kugwa pamwala kapena ulusi wa pakamwa wodyeka, botolo limauluka ngati mwala wa legeni ndipo likhoza kupha munthu. Kumene masewerawa anakhazikika, mabotolo amayesedwa ndi madzi pa makina ake pakapita zaka zoikika, kawirikawiri zisanu, ndipo lolephera limatayidwa. Kuno, kumene mvula imagwa yambiri ndipo mpweya uli wachinyontho, madzi amadikha m'kati mwa botolo lodzazidwa mosasefa, nalidya mobisika. Choopsa koposa n'chakuti anthu athu, amene luso lawo lopeza njira pamene palibe njira timaliyamika, adzayesa kudzaza pa silinda ya okosijeni ya owotcherera zitsulo. Ndipo okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta ngakhale kadontho, umabuka moto ndi kuphulika. Safunsa anadya phula.

2. Chachiwiri, ati ufulu umene ovomereza alonjeza ndi goli lina. Makina opopera matayala a pa Chintheche kapena pa Mpamba safika ngakhale limodzi la magawo khumi a mpweya wofunikawo. Makina a omira m'madzi ali ndi eni ake ndi ntchito yake, ndipo nawonso amadya mafuta kapena magetsi omwewo. Munthu wa ku Usisya, kumene mseu wake wotsika phiri umavuta m'dzinja ndipo ambiri amadalira maboti ndi sitima ya Ilala, adzayenda ulendo wa tsiku kukadzaza botolo lotha m'masana amodzi. Ndipo akagula pampu yapamanja yofika mphamvu imeneyo, adzapopa kambirimbiri, thukuta lili kamukamu, asanaponye kampira n'kamodzi. Koma batire limachajidwa pa kasola komwe kamachaja mafoni m'mudzi uliwonse. Ndiponso tiinjini tambiri ta mpweya timafunabe kabatire kakang'ono koyendetsa mavavu, kotero kuti wothawa batire amapezeka wasenza batire ndi botolo lomwe.

3. Chachitatu ndi mtengo. Kainjini, botolo, regulator ndi payipi, zonse pamodzi, zimadya madola a ku America mazana angapo, ndipo kawirikawiri zimaposa mtengo wa mfuti imene zilowamo. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. Kamphete kamodzi ka labala kakang'ambika, kopanda kulemera ngakhale ngati usipa umodzi, mfuti imagona kufikira mbale wina atakwera basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Ndalama zomwezo zikhoza kugula malata, kuthandiza pa ukonde, kapena kulipira fizi ya mlongo wake ku sekondale. Ndipo ana amene amavutika ku Joni, akugona mothinana kuti atumize kangachepe kwawo, sayenera kumwaza thukuta lawo mu mpweya.

4. Chachinayi, chimene ovomereza achitcha chitetezo, otsutsa achitcha msampha. Chala chimene chitsitsa mpweya ndicho chikhozanso kuukweza. Maiko kumene masewerawa anakhazikika anaona ichi, naika malire m'malamulo: ku Japan, kuyambira 2006, mfuti yotere siloledwa kupitirira joule 0.98, ku Britain lamulo la 2017 linaika joule 1.3 pa mfuti yolavula motsatizana ndi 2.5 pa yolavula kamodzikamodzi. M'mabwalo awo amayesa liwiro la kampira pa makina, namanga regulator ndi chidindo kuti mwini asaigwirenso. Kuno adzayesa ndani, nanga adzamanga ndani? Anyani akalowa m'munda wa chinangwa, mnyamata adzapotokola nati ya pa regulator kuti awakhaulitse. Sadzawapha, koma adzawaboola maso, ndipo madzulo adzaiwala kubweza natiyo pamene ayamba kusewera ndi anzake. Diso la munthu silipirira kampira kotere, ndipo likaphulika silimeranso. Ulendo wa ku chipatala chachikulu cha ku Mzuzu udzakhala wa makolo, ndi mlandu wa kwa amfumu udzakhalanso wawo, pakuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

5. Chachisanu, mfuti m'boma lino si chinthu chopepuka. Pa 3 Malichi 1959, pa doko la Nkhata Bay, asilikali a boma la atsamunda anaombera khamu limene linasonkhana chifukwa cha abale awo omangidwa m'sitima ya Mpasa, napha anthu osachepera 20. Ndipo chaka ndi chaka timakumbukira mwazi umenewo. Achifwamba nawonso amadziwa kuti woopsezedwa usiku safunsa ngati mfuti ili yeniyeni. Ku Cleveland, m'dziko la America, mu Novembala 2014, mwana wa zaka 12, Tamir Rice, anaphedwa ndi wapolisi ali ndi mfuti ya airsoft m'manja. Lamulo lathu la mfuti linalembedwa mu 1967, masewerawa asanabadwe. Ndipo amene awonjezera mphamvu pa choseweretsa chake amadziyandikiza yekha ku malire amene choseweretsa chimayamba kuwerengedwa chida, malire amene sadzawaika iye, koma apolisi ndi bwalo la milandu.

KUWERUZA

Woweruza wolungama, asanakweze muyeso, amayamba wachotsa pa mbale zonse ziwiri zimene sizili za mlanduwo. Mfundo ya Malipenga ndi ya alendo ikometsa masewerawo, koma siitiuza kuti mfuti yake ikhale ya batire kapena ya botolo. Chimodzimodzinso, mfundo ya maonekedwe oopsa, ngakhale ili yolemera ndi yoona, igwera mfuti zonse ziwiri mofanana. Kunena zoona, payipi yolendewera ndi botolo la kumsana ndizo zingaulule msanga kuti chinthucho n'choseweretsa. Za mtengo nazo, munthu wamkulu amene wakwaniritsa za pakhomo pake ali ndi ufulu pa chotsala chake, ndipo sitiweruza wogula wailesi yaikulu kapena njinga yamoto.

Pa zotsalazo, ndiyenera kuvomereza poyera kuti ovomereza anena zoona pa za chipangizocho: mfuti ya mpweya ndi yolimba, yolunjika ndi yomvera kuposa ya magiya, ndipo luso limene imaphunzitsa si lachabe. Ndikadafunsidwa kuti makina abwino ndi ati, mtsutso ukadathera pomwepa. Koma funso lathu lili ndi mawu akuti "kwa munthu wokhala kuno kunyanja", ndipo mawu amenewa ndiwo apendeketsa muyeso.

Pakuti m'mfuti ya magetsi malire a ukali wake ali m'chitsulo: sipuling'i inapimidwa ku fakitale, ndipo mwini, kaya wakwiya, kaya waledzera, kaya wabwereketsa kwa mng'ono wake wopanda nzeru, sangawapitirire popanda kukhala pansi ndi zida. Kusandutsa kumachotsa malirewo m'chitsulo n'kuwaika mumtima wa munthu. Ndipo mtima wa munthu, ngakhale wa mwana wabwino, suli chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Kumaiko kumene anachita ichi bwino, sanadalire mtima wokha: anauzinga ndi mpanda wa makina oyesera liwiro, chidindo pa regulator, mabotolo oyesedwa, odzaza ophunzitsidwa, ndi lamulo lotchula nambala. Ife tikufuna kutenga ng'ombe tisanamange khola. Ndipo pamwamba pa izo pali botolo, limene ngozi yake sidikira kuti wina akoke chala, koma imagona nafe m'nyumba momwe mugona ana.

Chifukwa chake chiweruzo changa n'chakuti mutuwu, monga ulili lero, ugwe: munthu payekha, pakhomo pake, ku Kande, ku Mpamba kapena ku Usisya, asasandutse mfuti yake. Koma sindiutsekera chitseko kosatha. Tsiku limene achinyamata adzapanga gulu lodziwika kwa amfumu ndi kwa apolisi, nakhala ndi bwalo lotchingidwa kutali ndi njira ya kumadzi, ndi zotchinga m'maso za aliyense wolowamo, ndi makina oyesera liwiro, ndi pangano lomveka ndi odzaza mabotolo odziwa ntchito yawo, ndi bokosi lokhoma losungiramo mfuti zonse masewera akatha, tsiku limenelo ndidzasamukira ku mbali yovomereza popanda manyazi, pakuti mfundo zawo zidzakhala zitapeza nthaka yomerapo.

Mawu amenewa ndinamuuza mwana wa mlongo wanga pamaso pa amayi ake. Sanakondwe, ndipo sindinayembekeze kuti akondwe. Koma anafunsa mtengo wa giya yatsopano ndi wa magalasi otchinga m'maso, ndipo anapempha kuti ndidzamuperekeze kwa amfumu akadzasonkhanitsa anzake okwanira. Pamene tinali kulankhula, kamdzukulu kanga kanali pa mchenga kuseri kwa nyumba ndi kamfuti kake ka nsungwi, kakulimbana ndi tsinde la mango. Palibe mmodzi wa ife anadzuka kukakalanda, pakuti tonse tinadziwa kuti mphamvu ya mfuti imeneyo imalekezera pamene palekezera mphamvu ya mkono wa mwanayo.